Kuperekeza Mlendo wa Mumtima

Esinala analota dokotala akumupaka mafuta ozizira pachifuwa n'kuyendetsapo kachipangizo kojambulira mtima. Pakanema panaoneka nyumba ya zipinda zinayi, ndipo dokotalayo anamuuza kuti avule nsapato alowe, popeza nyumbayo inali yake.

Analowa. Makoma ankapuma. Magazi ankadutsa ngati amayi ochokera kumjigo, ndowa zofiira pamutu, koma pakhomo la chipinda chakumanzere ankachita kupanikizana chifukwa panakhala chotupa. Chinali chofewa ngati papaya wakupsa, chomangirira kukhoma ndi kamchira. Chitamuona chinasendera pang'ono n'kuwomba m'manja.

Esinala, amene sankatha kudutsa chinthu osachifunsa kwawo, anakhala pansi. Anachifunsa ngati chinali khansa. Chinakana mwaulemu, chinati mtundu wawo suluma ndipo suyendayenda m'thupi, vuto lawo n'kunenepa basi. Atafunsa chimene chimadya, chinati zomwe iye amadyazo. Apa Esinala anachita manyazi, poti nthawi yonseyi sanachipatseko ngakhale moni. Amati mlendo ndi mame, koma uyu dzuwa linali litamulephera.

"Nanga bwanji mumakhala pakhomo, anzanu akuvutika kudutsa?"

"Ndimadzatsanzika, mayi," chinatero chotupacho. "Koma ndikangoima pakhomopa inu mumakomoka. Ndiye nditsanzike yani?"

Zinali zoona. Wefuwefu wake yense, ndi kugwa kwake pamsika anthu akuona, zinali chifukwa cha mlendo wofuna kupita koma wosowa womuperekeza.

Dokotala anasuzumira pawindo n'kunena kuti makomo onse ndi aang'ono, ndipo chotupacho chikatuluka mobenthukabenthuka, zibenthuzo zikatseka njira za kumutu. Panafunika kugumula khoma. Esinala anachita mantha zedi, mpeni ankauopa kuyambira ali mwana, koma mlendo wofuna kwawo satsekeredwa. Analoza yekha pakati pa chifuwa.

Dokotala atatsegula, anawapatutsira amayi a ndowa aja njira yakunja, nyumba yonse inangoti zii. Esinala ananyamulira mlendo kathumba kake nayenda naye mumsewu wopanda fumbi, mpweya wokwanira, miyendo yopepuka. Kutsogolo kunali mlatho, ndipo kutsidya anaona malemu amayi ake akuyanika zovala, osatembenuka. Anawasowa mpaka misozi inalengeza. Anafunanso kukawafunsa kumene amapeza sopo kumeneko, poti zovalazo zinali zoyera mbee.

Chotupa chinaima n'kumulanda kathumbako.

"Mubwerere pano, mayi. Woperekeza sawoloka."

"Ndingofika pamlathopo."

"Nyumba mwaisiya yotsegula."

Esinala anaima ndithu, phazi limodzi kutsogolo, maso ali kutsidya. Kumbuyo kwake, kutali kunyumba ya mtima kuja, kunamveka kugogoda kamodzi. Kunakhala chete. Kenaka kunagogodanso, mofooka, ngati munthu wokayika kuti eni ake alipo. Esinala anamangitsa chitenje, natembenuka, nathamangira kukayankha.