Zitsulo n'Zomwezo

Ine za mipikisano ya njinga zamoto za pa kanemazi sindidazikondepo, ndipo musandifunse kuti amazungulira kangati kapena amalimbirana chiyani. Chomwe ndikudziwa n'chakuti m'nyumba mwanga mudalowa mwamuna wachiwiri yemwe nkhope yake sindidaionepo, poti nthawi zonse amakhala atabisala m'chisoti. Dzina lake lenileni n'lopinda lilime, ndiye akabaza a pa Nsipe adangomutcha Namzeze, ati chifukwa pokhota amagona ndi njinga mpaka bondo kukwecha msewu. Tikamadya, Namzeze. Tikamapemphera, ndikukhulupirira kuti mumtima mwa amuna anga mumakhalabe Namzeze yemweyo. Abale inu, munthu ameneyu ndidatopa naye.

Amuna anga ndi a Wilfred, koma ine ndimawaitana kuti bambo a Zione. Adali a kabaza pa siteji ya pa Nsipe. Chaka chatha mvula itangoyamba, akutsika kuchokera cha ku Nzama atamanga matumba a mbatatesi kumbuyo, matope adawaterereza, njinga n'kuwagwera, mwendo wamanja n'kuthyoka pawiri m'munsi mwa bondo. Ku Ntcheu adatitumiza ku Lilongwe, komwe adawaika zitsulo m'fupa. Dokotala adanena ine ndili pompo, makutu anga awiriwa akumva: ndodo asazisiye, njinga asaiyandikire mpaka iyeyo adzaunikenso fupalo. Likadzathyokanso pomwepo, adatero, nkhani idzakhala yodula mwendo.

Kuyambira pamenepo zonse zidagwera ine. Kubzala ndekha, kupalira ndekha, kubandira ndekha. Madzi owasambitsa kutunga ine, kuchimbudzi kuwaperekeza ine atandikolowekera dzanja m'khosi. Sindikuwanena ayi, ndi amuna anga. Koma msana wangawu ndiye sadauike zitsulo.

Ndiye tsoka lake, Namzeze uja nayenso adagwa kumapeto kwa sizoni yatha, kuthyoka mwendo, madokotala a kwawoko n'kumuika zitsulo. Apa mpamene padayambira mavuto anga enieni.

Bambo a Zione atayamba kutha kutsimphina ndi ndodo, adayamba kutsetserekera ku shopu ya a Jamal, m'mbali mwa msewu waukulu. A Jamal ali ndi dishi padenga ndi kanema m'chipinda cha kuseri, ndipo akabaza amasonkhana kumeneko. Mipikisano idali itaima, poti nawonso ati amapuma, koma pakamwa pa amuna sipapuma. Tsiku ndi tsiku nkhani idali imodzi: sizoni ikubwerayi Namzeze abwerera, ndipo awaonetsa mbwadza onse amene ankati watha. Wina ati njinga yake yatsopano ndi chilombo. Wina ati ayi, chilombo ndi mwini wakeyo. Amatsutsana mpaka thovu kukamwa, anthu oti ngakhale dziko lomwe munthuyo amachokera sangaliloze kuti lili mbali iti.

Mtsogoleri wa phokoso lonseli adali Lucky, mnzawo wa bambo a Zione wa pa siteji, mwamuna wamkulu ndevu pepeya koma mutu ngati wa mwana wa sukulu. Tsiku lina adafika nawo mpaka pakhomo, foni ili m'manja.

"Alamu, taonani apa," adatero akundionetsa kakanema. "Uyu ndi Namzeze, wayamba kale kuyesa njinga. Adathyoka pambuyo pa mdala wathuyu, koma taonani! Zitsulo n'zomwezo, alamu. Za mdala ndi za iyeyu fakitale yake ndi imodzi."

"Zomwezo bwanji?" ndidamufunsa. "Mnzanuyo madokotala amuunjirira ngati ntchentche pa mango owola. Ali ndi dziwe lomuwongolera mwendo, ali ndi makina, ali ndi womuphikira zolimbitsa mafupa. Awa ali ndi ndowa ya madzi ofunda ndi ine. Asa! Mwabwera kudzandiphera amuna?"

Lucky adangoseka, ati azimayi mumakonda kuopa. Koma ndidaona momwe bambo a Zione ankayang'anira kafoniko, maso ali gwa, dzanja likusisita bondo. Mawu aja adawalowa. Kuyambira tsikulo adayamba kumayenda m'nyumba opanda ndodo, akugwira makoma, mano ali lumu. Ndikawakalipira ankati, "Mayi a Zione, mnzanga akuchita zomwezi." Mnzawo! Munthu woti sadziwa n'komwe kuti kuli Ntcheu.

Ndidapita kwa a Jamal kukadandaula. Ndi munthu waulemu, adandipatsa mpando, n'kundimvetsera mpaka ndidamaliza.

"Mayi, ine ndimangoyatsa kanema," adatero. "Koma ndikuuzeni chimodzi. Amuna anuwa tsiku loyamba kubwera kuno adali ngati thumba lokhuthula. Lero akuseka, akutsutsana ndi anzawo. Ndiwathamangitse?"

A Jamal sadaname. Masabata oyamba aja bambo a Zione ankangogona atayang'ana kukhoma, osayankhula, chakudya kumangochitosa. Amene adawadzutsa pamphasa si ine, si dokotala, si abambo a ku parishi. Ndi mlendo wa m'chisotiyo. Zidandiwawa kuvomereza, ndipo zikundiwawabe. Ndidabwerera kunyumba ndili wolema kuposa momwe ndidapitira.

Kenaka bambo a Zione adalengeza. Tsiku lomwe sizoni itsegulidwe, Namzeze akamabwerera kwawoko, iwonso abwerera kuno. Akwera njinga pamaso pa anzawo onse, kukafika ku boma n'kubwerako, anthu adziwe kuti Wilfred wabwerera pa siteji. Ndidalira, ndidatukwana, ndidawakumbutsa mawu a dokotala, ndidati mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi. Adangoti, "Ndatopa kukhala mwana wanu wachiwiri." Makiyi adawamangirira pachingwe n'kuwavala m'khosi.

Loweruka masana Lucky adabwera kudzatenga njinga pabalaza, pomwe idakhala miyezi yonseyi itafunda chitenje changa chakale. Adaikankhira kumsika kuti akaitsuke ndi kusintha oyilo. Ine ndidali pamtondo, ndipo sindidamupatse moni.

Mpikisano woyamba udali kudziko lakutali kum'mawa, ndiye kuno umagwa Lamulungu m'mawa, nthawi ya Misa. Ndidavala za kutchalitchi, n'kutuluka ndi Zione. Titafika pamphambano miyendo idakana. Mwana ndidamupereka kwa anzanga a m'mphakati, ine n'kukhotera ku shopu ya a Jamal.

Njinga idali panja, ili waliwali ngati ya ukwati. Akabaza adaizungulira, ena akuimba likhweru, ena atakweza mafoni kuti ajambule. Bambo a Zione adali atakwera kale, ndodo atazitsamiritsa pakhoma. Batire idali itafa chifukwa chokhalitsa, ndiye pamafunika kiki. Adaika phazi lamanja pa kiki paja, n'kuyesa kuponda. Nkhope idakwinyika, thukuta lidatuluka pamphumi nthawi yomweyo. Lucky adalumphira msanga, n'kuwapondera iyeyo, uku akuseka kuti anthu asazindikire. Njinga idalira, anthu n'kukuwa. Koma ine ndidaona. Mwendo womwe walephera kiki ndi womwewo ukaponde buleki pa msewu wodutsa mathiraki.

Ndidalowa pakati pawo ndi nsapato zanga za kutchalitchi. Kukalipa ndidali nditatopa nako, ndiye ndidayankhula bwinobwino.

"A Lucky, inu mukuti mdala wanu wachira, eti?"

"Wachiriratu, alamu! Simukuona?"

"Chabwino. Kabaza sayenda yekha. Kwerani kumbuyoko akufikitseni ku boma."

Anthu adaseka, bambo a Zione nawonso adaseka. Adamenya mpando wakumbuyo ndi chikhatho.

"Kwera, aise, tiwaonetse mayiwa."

Lucky adakanda m'mutu. "Aaa, mdala, mpikisano wangotsala pang'ono kuyamba. Tikwera ukatha."

"Ku boma m'pafupi, tibwerako usadayambe. Kwera."

"Ine m'mimbamu simuli bwino kuyambira dzulo, mdala."

Bambo a Zione adatembenukira kwa ena. Adaitana Raymond. Raymond adayamba kuyankha foni yomwe siidalire. Adaitana Jasper, munthu amene adamuphunzitsa okha kuyendetsa njinga. Jasper adayang'ana mwendo uja, n'kuyang'ana kumsewu komwe thiraki ya mafuta idali kudutsa, n'kunena motsitsa kuti ali ndi ana ang'ono. Mafoni aja adayamba kutsika imodziimodzi, kulowa m'matumba. Likhweru lidatha. Padangotsala kulira kwa njinga.

Nthawi yomweyo m'chipinda cha kuseri mudamveka phokoso la pa kanema, mzungu akuyankhula mothamanga, mainjini akubangula. Wina adakuwa kuti ayamba kufola. Ha! Mukadaona momwe adapulumukira amuna aja. Adalowa mopanikizana pakhomo ngati mbuzi zothawa mvula. Lucky adatsalira pang'ono, adasisita thanki ya njinga, n'kuti, "Tikusungirani malo kutsogolo, mdala." Nayenso n'kulowa. A Jamal adaima pakhomo kanthawi, adandiyang'ana, adayang'ana pansi, n'kutsitsa katani.

Tidatsala awiri. Bambo a Zione adakhala pa njinga paja, manja ali pa mahandulo, akuyang'ana katani ija. Ine ndimayembekeza kuti andikalipira kuti ndawachititsa manyazi, ndipo ndikadakonda akadatero. Koma adatembenuka pang'onopang'ono, n'kundifunsa ndi mawu omwe sindidawamvepo.

"Nanga inu, mayi a Zione? Simukwera?"

Kalanga ine! Kumbuyo kwa munthu ameneyu ndidakwerako ndili mtsikana, ndidakwerako ndili ndi pakati, ndidakwerako nditabereka mwana kumsana, osaopa ngakhale tsiku limodzi. Ndidadziwa kuti ndikangokweza mwendo n'kukhala, nkhope yawo ibwerera. Mtima udafuna, sindinama. Koma maso anga adali pa phazi lija, lomwe lidali kunjenjemera lokha pamwamba pa buleki.

"Ayi, bambo a Zione. Sindikwera."

Adakhala choncho, injini ikulira, mafuta akungopserera. Kenaka adapotokola kiyi, kudangoti zii. Adayesa kutsika okha, mwendo udakana, ndidawagwira m'khwapa.

"Tanditengerani ndodo zanga," adatero.

Ndidawatengera. Iwo patsogolo akutsimphina, ine pambuyo ndikukankha njinga, chitunda chonse cha kwathu, nsapato za kutchalitchi zikumira m'matope. Mwendo ndidaupulumutsa, ndipo ndikadachitanso chimodzimodzi lero. Koma chimwemwe ndidalibe ngakhale pang'ono, ndidangomva kutopa ndi chisoni. Tili pakati pa chitunda, kumbuyo kwathu ku shopu kudaphulika chimkuwe, amuna akukuwa, mabenchi akugwa. Ndidaima kuti mwina acheuka. Sadacheuke, ndipo mpaka lero sadafunsepo munthu kuti adapambana ndani.