Zitini Zitatu Zolemera

Ndinali pa shati yachinayi pamene mwana wanga wamkulu analowa osagogoda, nsapato kuphazi, pansi nditangokolopa kumene.

"Amayi, zimitsani kaye simbiyo. Tsiku la masewera likubwereranso!"

Sindinazimitse. Mulu wa zovala unali wofika m'chiuno, ndipo palibe wina m'nyumba muno amene amadziwa komwe simbi imakhala.

"Masewera ati?"

"Otolera ndalama aja, a pabwalo la sukulu. Komiti yagwirizana dzulo. Denga la holo likudontha, ndiye akuti tichite ngati kale. Woyang'anira masewera asankha ineyo."

Mwanayu ndi mphunzitsi pasukulu yomwe anaphunzirapo. Tsiku limene ankanenalo linasiya kuchitika zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, chaka chomwe bambo ake anamwalira. Sikuti analisiya chifukwa cha iwo ayi. Anthu onyamula matebulo ndi kukhoma misomali anangotha mmodzimmodzi, ena kusamuka, ena misana.

Anakhala pamkono wa mpando, pomwe ndimaletsa, n'kuyamba kundiwerengera za pafoni pake.

"Kugulitsa makeke."

"Pamthunzi. Chaka china tinawaika padzuwa, pofika masana shuga wapamwamba yense anali patebulo, njuchi zili ng'waa."

"Kuthamanga m'masaka."

"Gulirani mabandeji."

"Kuponya siponji yonyowa kumaso kwa ahedi."

"Pamenepo mzere umafika kugeti. Koma uime pafupi ndi ndowa. Pali ana ena amabisa mwala m'siponji."

"Kulosera kuchuluka kwa maswiti m'botolo."

"Botololo ligone kwako. Ife tinasungitsa kwa mlembi wa komiti, wa ana asanu ndi awiri. Tsikulo linabwera lili theka."

Anaseka mpaka foni kugwera m'zovala zanga zosita. Kenako anati, "Koma chachikulu ndi zitini za bambo. Ndawauza kale kuti zilipo."

Apa ndiye ndinazimitsa simbi n'kuiimika.

Bambo ake anali mmisiri womanga nyumba, munthu wosalankhulalankhula, koma tsiku la masewera ankasanduka wina. Anthu ankawatcha Bambo Zitini. Ankasanja zitini zisanu ndi chimodzi patebulo, zitatu pansi, ziwiri pamwamba, chimodzi pansonga. Wolipira ankapatsidwa mipira itatu ya masokosi akale. Ukagwetsa zonse, mphatso inali yako: pensulo, sopo, kapena kapu. Iwo ali chiimire, chipewa chopendekeka, akufuula, "Ali kuti amuna amphamvu? Kodi mikonoyo ndi yongonyamulira wotchi?"

Mwana wangayu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anagwetsa zitini zonse. Wogulitsa nyama wa pamsika, chimunthu chodzaza khomo, anali atangolephera kasanu, thukuta lili kamukamu. Kamtsikana kopanda mano akutsogolo n'kubwera, phwaa, zonse pansi. Bambo ake anamunyamula paphewa n'kuzungulira naye bwalo, ndipo kuyambira tsiku lomwelo dzina lake linali Mlenje. Nkhani imeneyi wauza ana a m'kalasi mwake, wauza mnyamata amene akufuna kumukwatira, anaikamba ngakhale pamaliro a bambo akewo anthu n'kuseka akulira. Pa zonse zimene anamusiyira, imene amaigwira ndi manja awiri ndi imeneyi. Ine ndimadziwa mbali ina ya nkhaniyo, ndipo ndatseka pakamwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

"Zinachita dzimbiri zimenezo," ndinatero. "Tolera zina. Zitini zasowa?"

"Ayi, Amayi. Zomwezo."

Anali atatsegula kale chitseko cha chipinda chosungiramo katundu. Ndinamutsatira ndikung'ung'udza. Tinasuntha njinga yopanda tayala, ndowa za penti youma, matilesi amene ndakhala ndikunena chaka ndi chaka kuti ndidzataya. Kreti ya zitini inali pakona. Pamwamba pake panali nsalu imene tinkayala patebulo la zitini, katani yakale ya pabalaza ya maluwa achikasu. Nditaikweza linatuluka fungo la fumbi ndi simenti, fungo la malaya a bambo ake akaweruka, ndipo ndinayamba kukhosomola kuti mwana asandiyang'ane kumaso.

Anatulutsa zitinizo chimodzichimodzi. Zofiira, penti yotsala pachitseko chathu chakumaso. Zinalipo zisanu ndi zinayi.

"Iii, izi zinaonongeka," anatero. "Munalowa simenti, inaumiramo. Zitatu zonse. Ndikataye, zotsalazi zakwana kale."

Anazikumbatira n'kulunjika kubini.

Ndikanamusiya. Wodziwa ndinatsala ndekha, ndipo zikanapita ndi galimoto ya zinyalala Lachiwiri, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma simenti imeneyo bambo ake anaithira pakhomo la khitchini ndi supuni yanga yabwino, tinakangana sabata yathunthu. Kunsi kwa chitini chilichonse anamata kachidutswa ka chubu cha njinga, akuyesa, akumatula, akuyesanso. Kuona ntchito yonseyo ikupita kukagona ndi makoko a mazira, mtima unakana.

"Bweza."

"Amayi?"

"Ndati bweza. Sizinaonongeke. Tembenuza uone kunsi."

Anatembenuza, n'kukanda mphira ndi chikhadabo.

"Zimenezo zinkakhala mzere wapansi," ndinatero. "Akabwera wamkulu wodzionetsa, zapamwamba zinkagwa, zapansi zili nji. Iye manyazi, n'kulipiranso. Mabenchi a m'holo ija anagulidwa ndi manyazi a amuna a m'dera lino. Akabwera mwana wamng'ono, bambo ako ankagwada kuseri kwa tebulo ngati akutola mipira, n'kusintha, kuikapo zopepuka. Mphirayo ndi yoti zisamveke poziika."

"Anthu osaona?"

"Akanaona bwanji ine nditaima kutsogolo ndikukutumula nsalu? Umaganiza kuti ndinkakonda ukhondo chonchija?"

Sanaseke. Anakhala pa kreti, chitini chili m'manja.

"Ndiye tsiku lija..."

"Anasintha."

"Wogulitsa nyama uja..."

"Anaponyera simenti kasanu."

Panja pa mpanda wina ankaitanira makasitomala a tomato. Ndinkafuna kunena china chofewa, koma zofewa sindizitha, ankazitha ndi bambo ake.

"Moti nkhani yonse ija ndi bodza," anatero. "Ndinaikamba pamaliro, Amayi. Inu muli pomwepo."

"Ndikanaimirira n'kukutsutsa? Tamvera. Chitini chopepuka nacho chimafuna kuchimenya. Anasinthira ana ambirimbiri, ena mpira unkakagwera m'makeke. Iweyo woyamba unadutsa pamwamba, wachiwiri unamenya ine pabondo. Wachitatu unalasa. Dzanja linali lako."

"Wachiwiri unamenya inu?"

"Mpaka lero kukamazizira ndimakukumbukira."

M'mphuno munamutuluka kaphokoso, sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kulira. Anapukuta ndi mkono ngati mwana wa sitandade wanu.

"Anagwada nthawi yaitali tsiku lija," anatero pang'onopang'ono. "Ndikukumbukira. Ndinkapondaponda pansi, ndikuti bambo fulumirani."

"Chimodzi chinawapulumuka n'kugudubuzika mpaka kuphazi kwanga, ndinachiphimba ndi siketi. Zaka zonse zija sanagwetsepo chitini, koma tsiku la mwana wawo."

Anatembenuza chitinicho m'manja. Kenako anati, "Komatu kumeneku ndi kubera anthu. Ine ndine mphunzitsi."

"Pofika chaka chachitatu wamkulu aliyense ankadziwa. Wogulitsa nyama yemweyo ankabwera ndi mwana wake, n'kuyamba waponya yekha, kulephera mokweza, kenako n'kuwatsinzinira diso bambo ako. Koma zako izo. Ukufuna taya, bini ndi iyo. Ine ndili ndi zochita."

Ndinabwerera pabalaza. Simbi inali itazizira, ndinaiyatsanso n'kudikira, shati yachinayi ili chigonere, mkono umodzi wosalala wina wamakwinya.

Sanapite kubini. Ndinamva akukoka tebulo la pakhonde, kenako ngwe, ngwe, ngwe.

"Zikumveka!" ndinafuula. "Mpaka kuno zikumveka! Yamba watsamiritsa m'mphepete, kenako ugoneke. Mphira ija inauma, ufune chubu china."

Kunakhala chete, kenako ngwe wina, wocheperako.

Patapita kanthawi anasuzumira pakhomo, katani ya maluwa achikasu ili paphewa.

"Nanga wokutumula nsalu akhala ndani?"

"Funsa mnyamata wakoyo."

"Ndi woonda, Amayi. Sangabise kanthu."

"Ndiye ukuti ine ndine wonenepa?"

Anaika nsaluyo pamwamba pa mulu wa zovala zanga n'kuthawira pakhonde.

"Mlenje!" ndinamuitana. Dzinali ndinali ndisanalitchule chimwalirire bambo ake, linatuluka lokha. "Nsaluyi ndi yakuda, iyenera kuchapidwa kaye. Sungaike pa zoyera."

"Chabwino, Amayi."

Sanabwere kudzaitenga. Ndinaichotsa ndekha n'kuipachika pampando, pomwe ndingaione. Ndinalavulira pang'ono pachala n'kukhudza simbi. Inali itatentha. Ndinayala mkono wotsala uja, mulu ukadali wofika m'chiuno, pakhonde zitini zikugundanabe.