Amphaka Awiri a Atelala

Atelala sankakonda amphaka. Sikuti ankadana nawo, koma munthu amene tsiku lonse amagwira masuti akuda a eni ake sangakondwe ndi nyama yosiya ubweya paliponse pamene yakhala. N'chifukwa chake Loweruka lina m'mawa, mwana wawo wamkazi atalowa mushopu atanyamula katoni yoboolaboola, mkati mukumveka kulira kwapansipansi, iwo sanaimitse n'komwe makina.

"Ngati ndi chimene ndikuganizacho, Anesi, khomo mwaloweralo ndi lomwe mutulukire."

Ankamutchula Anesi chiyambireni ntchito pachipatala cha ziweto, kumene ankathandiza dokotala kugwira agalu ndi kutsuka mabala.

"Ababa, tamverani kaye," anatero mwanayo, akuika katoniyo patebulo lodulira nsalu. "Mwini wake anabwera naye akuyetsemula. Titamuyeza magazi tinamupeza ndi kachirombo kamene timati lukemiya ya amphaka. Mwini wakeyo atamva, anati akukatenga foni m'galimoto. Mpaka lero akuifunabe foniyo."

"Ndiye mwati matendawo mundibweretsere ine?"

"Sagwira anthu, Ababa, ngakhale agalu sawagwira. Amapatsirana amphaka okhaokha, makamaka kudzera m'malovu, akamanyambitana, akamadyera mbale imodzi kapena akalumana. Kuchipatala sitingamusunge, amphaka amalowa ndi kutuluka tsiku lonse. Kwathu mukudziwa kuti ndili ndi anga awiri abwinobwino. Adokotala akuti akasowa pokhala…" Sanamalize.

Makina aja anaima.

"Mankhwala ake?"

"Ochiritsa palibe. Kachiromboko kamafooketsa magazi ndi chitetezo cha m'thupi, ndiye kachimfine kamene mphaka wina sangakamve n'komwe, iyeyu kangamugoneke. Koma akamadya bwino, osatuluka panja, osavutitsidwa, ena amakhala zaka ndithu, akusewera ngati mphaka wina aliyense."

Atelala anatsitsa magalasi pamphuno n'kusuzumira m'katonimo. Munali kamphaka kakakazi, kotuwa ngati phulusa, pachifuwa poyera, kowonda nthiti kuwerengeka. Kanawayang'ana tuzu, osaphethira.

"Mpaka mupeze munthu wina," anatero. "Ndipo akandikodzera pansalu ya kasitomala, mukayankha ndinu."

Chimwalirireni akazi awo, Atelala ankakhala okha m'zipinda ziwiri za kuseri kwa shopu. Kumbuyo kwake kunali kakhonde koyang'ana pabwalo limene ankagawana ndi mayi wa saluni yoyandikana nayo. Tsiku lomwelo Anesi anayenda m'nyumba monse ngati woyendera sukulu, akupereka malamulo. Beseni la mchenga lodzithandiziramo likhale kubafa, ndipo liziyeretsedwa tsiku lililonse. Nyama yaiwisi ayi. Madzi akumwa azisinthidwa. M'mawa uliwonse azikweza mlomo wa mphakayo n'kuona usinini: ukakhala wofiirira zili bwino, ukayera mbee aimbe foni. Kenako analoza pansi, pamene panali mbwee tizidutswa ta ulusi ndi mapini.

"Ndipo izi, Ababa. Akameza ulusi, m'matumbo mumamangana."

"Zaka zonsezi mayi anu analephera kundisesetsa shopu ino," anadandaula Atelala, akutenga tsache. "Lero ndikusesera mphaka."

Masiku oyamba mlendoyo sankaoneka. Ankabisala kuseri kwa thumba la zigamba, n'kumatuluka kukadya pokhapokha m'nyumba mukakhala zii. Atelala anamusiya, n'kumangolankhula okha akusoka monga mwa nthawi zonse. Masana ena anamva chitini chikugwa kuchokera pashelefu, phwaa! Mabatani balala pansi ponse, ndipo pakati pake panali mphaka uja, akuthamangitsa batani lalikulu la jekete mpaka kunsi kwa kabati. Atelala anatola mabataniwo atagwada, mawondo akulira, akutukwana chamumtima. Koma dzina linapezeka: Batani.

Za munthu wina uja sizinatchulidwenso. Batani anapeza malo ake pampando wa makasitomala, pamene dzuwa la m'mawa linkafika, ndipo Atelala anamusokera kakhushoni ka zigamba kuti ubweya uzitsalira pamenepo. Masuti anayamba kuwavindikira m'mapulasitiki. Makina akayamba kulira, naye ankayankha chapakhosi, ngati akupikisana nawo. Poyesa kuona usinini m'mawa, poyamba ankawakanda, koma m'kupita kwa nthawi ankangotseka maso n'kupirira, podziwa kuti chakudya chikubwera.

Vuto linabwera ndi Bwana. Ameneyu anali mphaka wa mayi wa saluni, chimphaka choyera, chonenepa, choyenda pabwalopo ngati lendilodi. Mwini wake, amene Atelala ankangomutchula kuti Aneba, ankamukonda kuposa mmene ena amakondera ana obereka okha.

Tsiku lina Atelala akusita, anatsegula pang'ono chitseko cha kumbuyo kuti nthunzi ituluke. Kenaka kunabwera kasitomala wofuna kumuyeza thalauza, ndipo anaiwala. Atabwerera, anapeza chitseko chili pululu. Pakhonde, Batani anali atagona chagada padzuwa, Bwana akumunyambita kumutu mwaulemu wonse.

Atelala anathamangira pakhondepo. Anamunyamula Batani n'kumutsekera m'chipinda. Palibe amene anaona, koma iwo anavula tepi yoyezera m'khosi n'kupita kusaluni. Anapeza Aneba akuluka tsitsi la kamtsikana, ndipo anawaitanira panja n'kuwafotokozera zonse.

Aneba anawayang'ana chipeso chili m'manja.

"Mukuti mphaka wanuyo ali ndi matenda osachiritsika, ndipo mwakhala naye khoma limodzi ndi ine osandiuza?"

"Sankatuluka, Aneba. Lero lokha…"

"Lero lokhalo ndi limene lakwana! Mwana wanga akadwala, Atelala, ine ndi inu tidzaonana."

Madzulo ake Anesi anabwera n'kumutenga Bwana kupita naye kuchipatala. Magazi anatuluka abwino, koma dokotala anati kachiromboko kamatenga nthawi kuti kaoneke, choncho ayenera kudzamuyezanso pakapita miyezi. Anawalimbitsa mtima kuti mphaka wamkulu wathanzi satenga msanga pa kukumana kumodzi kokha, n'kumubaya katemera womuteteza m'tsogolo. Koma Aneba mawu olimbitsa mtimawo sanawamve. Moni wa m'mawa anasiya. Zovala zofunika kuika zipi anayamba kupita nazo kwa telala wa kumsika.

Atelala zinawapweteka. Anaitana mlamu wawo, kalipentala, kuti atchinge khonde lonse ndi sefa ya waya.

"Muike mizere iwiri, alamu, pakati musiye mpata wolowa chikhatho. Asamafikane ngakhale ndi mphuno."

"Alamu," anaseka kalipentalayo misomali ili kukamwa, "mlongo wanga anakupemphani sefa ya udzudzu mpaka kutopa. Ndikadadziwa ndikadamuuza kuti azilira kuti miyawu."

Khondelo litatha linasanduka chipinda chabwino kuposa zonse. Munkalowa mphepo ndi dzuwa, ndipo kalipentala anakhomamo tithabwa tokwerapo. Batani ankakhala pathabwa lapamwamba kuonerera mbalame. Bwana ankabwera n'kukhala kunja kwa sefa, awiriwo n'kumayang'anana ngati anthu ochezerana kundende. Atelala nawo anayamba kutulutsira mpando kumeneko masana, n'kumasokerera mabatani ndi mipendero ya pamanja.

Nthawi yoyezanso itakwana, Bwana anapezeka alibe kanthu. M'mawa mwake Atelala potsegula shopu anapeza Aneba ataima pakhomo, atanyamula mulu wa matawulo akale a kusaluni.

"Awa ndi a wodwala wanuyo, azigonera," anatero akuyang'ana kumbali. "Ndipo wa kumsika uja zipi amaika yokhota."

Matawulowo anagwira ntchito msanga kuposa mmene onse ankaganizira. Nyengo yozizira itayamba, Batani anasiya kudya. Ankafika pambale, n'kununkhiza, n'kubwerera, malovu akuchucha. Atelala atakweza mlomo anapeza usinini watupa, uli ndi zilonda. Dokotala anamubaya jakisoni, n'kupereka mankhwala amadzi, n'kunena kuti chachikulu ndi chakuti asagone ndi njala: azimudyetsa chakudya chofewa ndi sirinji, pang'onopang'ono, kangapo patsiku.

Kunena kunali kosavuta. Batani, ngakhale anali wofooka, ankapotokola thupi ngati nsomba, chakudya n'kuthera pamalaya a Atelala. Aneba anamva phokosolo ali kusaluni ndipo analowa osagogoda.

"Tapatseni kuno. Ine ndimaluka ana a zaka zitatu, mphaka ndi ndani?"

Anamukulunga m'thawulo mwamsanga, miyendo yonse mkati, kungotsala kamutu, n'kumupanira pachifuwa akumuimbira kanyimbo kopanda mutu komwe ankaimbira ana olira pampando. Atelala analowetsa sirinji m'mbali mwa kamwa. Batani anameza.

Anachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Aneba ankasiya kasitomala mankhwala ali m'mutu n'kuthamangira kuseri. Akamaliza ankasamba m'manja mpaka m'zigongono ndi kuvula epuloni asanakamugwire Bwana, ndipo Atelala anawasokera epuloni yapadera yomwe inkakhala pamsomali kukhondeko. Masana ena, Batani ali m'tulo m'thawulo, Atelala anafunsa mwana wawo funso limene ankalizemba.

"Anesi, ndiuzeni zoona. Ameneyu atsala nafe nthawi yaitali bwanji?"

"Sindikudziwa, Ababa. Ngakhale adokotala sangadziwe. Akhoza kudzuka apa n'kukhala zaka. Akhozanso kudwala china chaka chamawa."

Atelala anagwedeza mutu, akusisita khutu la mphakayo ndi chala.

"Ndiye tili chimodzimodzi. Nanenso palibe anandilonjeza chaka chamawa."

Batani anadzuka. M'mawa wina anapita yekha pambale n'kudya mpaka kuinyambita, kenaka anakwera patebulo n'kugwetsa choko. Atelala anaitana Aneba pawindo ngati timu yawo yagoletsa.

Mphaka wachiwiri anabwera ndi Aneba omwewo. Kasitomala wawo wina anatola kamwana ka mphaka kakuda m'ngalande, ndipo atakayezetsa kanapezeka ndi kachirombo komweko. Mayiyo anali ndi amphaka ena kunyumba ndipo ankalira pampando wa saluni, osadziwa chochita.

"Ndamuuza kuti ndikudziwa hotela ina yabwino," anatero Aneba, akutsegula chikwama.

Atelala anayesa kukwinya nkhope, koma manja anali atatambasuka kale. Anesi anati popeza onse ali ndi kachirombo kamodzi, akhoza kukhala limodzi, bola azolowerane pang'onopang'ono. Kwa masiku angapo Batani ankafufuma ubweya n'kumalalata kunsi kwa chitseko. Kenaka tsiku lina Atelala anawapeza atagona pakhushoni limodzi, wamkulu atakanikiza wamng'ono ndi mwendo, akumutsuka m'makutu mwankhanza. Kakudako kankathamanga kuchokera kushopu mpaka kukhonde n'kubwerera m'kuphethira kwa diso, ndipo anakatcha Zipi.

Chakumapeto kwa chaka, mwana wawo wamwamuna, amene ankakhala kutali, anaimba foni kuti mkazi wake wachira, mwana wamkazi. Atelala anavina okhaokha mushopu, kenaka anaima n'kuyang'ana amphaka aja.

"Pitani mukaone mdzukulu," anatero Aneba. "Kiyi musiye kuno. Usinini ndimadziwa kuona, mchenga ndimadziwa kusintha. Kapena mukufuna mwanayo adzakudziweni ali ndi mano?"

Anapita, atanyamula tizovala timene anasoka usana wonse wa dzulo lake. Kumeneko anamunyamula mdzukuluyo mpaka mkono kuchita dzanzi, ndipo ankakana kumupereka ngakhale kwa mayi ake. Koma m'mawa uliwonse, akangomwa tiyi, ankatuluka panja ndi foni.

"Aneba, mwadzuka bwanji? Adya?"

"Ababa," anawaseka mpongozi wawo tsiku lina, "mukafika kwanu muzidzatiimbiranso chonchi kufunsa ngati uyu wayamwa."

"Uyu ali ndi anthu ambiri omufunsa, mayi. Ajawa ali ndi ine ndi Aneba basi."

Atabwerera, Zipi anawakwera mwendo mpaka paphewa asanatule n'komwe chikwama. Batani anawayang'ana kamodzi ali pathabwa lake, n'kutembenuka kuwapatsa msana. Anamuitana, anamunyengerera, anamuonetsa chithunzi cha mdzukulu pafoni, koma iye anangogwedeza nsonga ya mchira.

"Wakwiya," anatero Aneba, akubweza kiyi. "Musiyeni, akazi timatero."

Ntchito inali itaunjikana. Atelala anayala nsalu yabuluu ya diresi la kasitomala patebulo, n'kuijambula ndi choko. Atatembenuka kuti atenge sizasi, anamva kaphokoso kofewa kumbuyo kwawo. Batani anali atakhala pakati penipeni pa nsaluyo, miyendo ataipinda pansi pa chifuwa, maso ali pa iwo.

Atelala anaima kanthawi sizasi ili m'manja. Kenaka anaibweza m'dirowa, n'kupita kukateleka madzi a tiyi.