Zilembo Ziwiri Zakumapeto

Adokotala analowa m'nyumba akukupiza mapepala m'mwamba, osapukuta ndi nsapato zomwe.

"Mayi, imitsani makinawo! Katuluka kabuku ka kafukufuku wanga. Angobweretsa m'mawa uno ku ofesi, inki isanaume n'komwe."

Telala anachotsa phazi pa makina osokera, nalavula kaulusi kamene kanali pakamwa. Amuna akewo sanali dokotala wa anthu. Ankafufuza tizilombo ta m'minda, ndipo mumsewu monse ankangowatchula kuti Adokotala a Mbozi.

Kumbuyo kwa makinawo kunali mashelefu atatu odzaza mabotolo, lililonse lovindikira ndi kansalu kotsala posoka. M'mabotolomo munali mbozi za kabichi. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi, Telala ndiye ankazithyolera masamba, kuzichotsera ndowe, ndi kudikira tsiku limene timavu tidzatuluke. Timavu timeneti tinali tochepa kuposa mutu wa phini, ndipo sitiluma munthu. Kakakazi kamaikira mazira m'thupi mwa mbozi. Mbozi ija imangodyabe, n'kumanenepa, osadziwa kuti ikudyedwa m'kati. Kenako tiana timaboola khungu, n'kuluka zikwa pambali pake.

Telala ndiye anayamba kuona kuti zikwa za m'botolo lina zinali zachikasu pamene zinzake zonse zinali zoyera.

"Ndi dzuwa limenelo," anatero Adokotala tsiku limenelo.

"Dzuwa losankha botolo limodzi? Bambo, ine ndimalowetsa ulusi wakuda pa singano popanda magalasi. Kamavu aka si kamodzi ndi tinzake."

Adokotala anakatenga makina awo okuzira tinthu tating'ono, naika patebulo lodulirapo nsalu. Anawerenga mfundo za patinyanga, anayeza mitsempha ya paphiko, anayeza ndi kambola koikirira mazira. Zonse zinasiyana ndi za m'mabuku. Kenako anagwira dzanja la mkazi wawo.

"Kakapezeka kuti n'katsopano, kadzatenga dzina lanu. Ndipo dzina la kachilombo likangosindikizidwa silifafanizika. Ndi mphatso yosaola: ife tidzafa, ilo lidzatsala."

Kuyambira pamenepo Telala anamata timavu mazana patimapepala tosongoka, kamodzikamodzi, mpweya ataugwira. Pansi pa kalikonse ankabayapo kachikwangwani kolembedwa ndi dzanja lake: tsiku, malo, chimene katulukamo, wotola.

Tsopano anapukuta manja pa epuloni, nalandira mapepala aja. Chingerezi chambiricho anachidumpha. Maso ake anapita pamwamba, pa mawu awiri opendekeka. Loyamba linali la fuko, ankalidziwa kale. Lachiwiri analiwerenga kawiri.

*donthoae.*

"Bambo, ili ndi dzina la ndani?"

Adokotala anaseka, nakhala pampando. "Apo ndiye ndimafuna ndikufotokozereni. Dzina lanu ndi lalitali, mayi, azungu lilime likanawapindika. Ndiye ndinati, kanthu kakang'ono chonchi, kangokhala ngati dontho la madzi. Basi, dontho. Koma musadandaule, muli momwemo. Taonani kumapetoko, ndathokoza banja langa."

"Banja lanu."

"Eya. Banja ndi ndani ngati si inu?"

Kukhitchini kunamveka kulira kwa mbale. Loweruka lililonse mng'ono wake wa Telala ankabwera kudzadya nawo masana. Anabadwa masiku asanakwane, kakang'ono kokwana m'manja awiri, ndipo mayi awo anangoti, "Aka n'kadontho." Dzinalo linamukanirira, koma la m'nyumba mokha. Kusitolo ya mankhwala kumene ankagwira ntchito kunalibe amene ankalidziwa. Mayi awo atamwalira, Telala anamutenga, namulera m'nyumba yomweyi mpaka anapeza ntchito ndi kachipinda kakekake.

Dontho anatulukira atanyamula mbale zitatu.

"Alamu, phokoso lonseli n'la mbozi zanu zija?"

"Mkazi wanga wamng'ono, lero uyankhule mwaulemu. Mlamu wako watchuka."

Nthabwala imeneyi Telala anali ataiseka kwa zaka zambiri. Lero anangoimvetsera.

Anayamba kutembenuza masamba pang'onopang'ono. "Nanga chithunzi cha phiko chili pati? Lija ndinamata ine, lija linandivuta masiku atatu."

"Tsamba lachisanu, asisi, m'munsi," anatero Dontho akuyala mbale.

Telala anatsegula tsamba lachisanu. Phiko linali pomwepo, m'munsi.

"Uli ndi maso ndithu. Ukuona za m'kati mwa pepala lotseka."

Supuni inagwa pansi. Dontho anawerama kuitola, ndipo anachedwa kuweramuka.

"Anandionetsa pa foni."

"Liti?"

"Tsiku lina."

"Kuti?"

"Mayi," analowererapo Adokotala, "mwasanduka apolisi kodi? Ndinadutsa kusitolo kwawo kukagula mankhwala a mutu."

"Mutu wake uti? Mankhwala a mutu mumafunsa ine, ali m'kabati umo chaka chonse."

Telala anakokera mpando pafupi ndi tebulo, nakhala. Mawu ake sanakwere.

"Bambo, mukukumbuka chaka chija munathyoka dzanja? Ndinakulemberani tizikwangwani miyezi iwiri. Ndinakufunsani kuti bwanji mayinawa amatha mosiyanasiyana. Munandiphunzitsa nokha, mukudzitama. Munati likatha ndi *ensis*, ndiye kuti ndi malo. Likatha ndi *i*, ndi mwamuna. Likatha ndi *ae*..." Anaika chala pa zilembo ziwiri zija. "Malizitsani, aphunzitsi."

Adokotala anavula magalasi, nayamba kuwapukuta ndi tayi.

"Malamulo a Chilatini ndi ovuta, mayi. Sizili choncho nthawi zonse. Inu simungazimvetse bwino."

"Sukulu ndinalekeza panjira, n'zoona. Koma dontho la madzi si mkazi. Dontho lovala diresi ndikulidziwa limodzi, ndipo thewera lake ndinachapa ine."

Dontho anayamba kulira. "Asisi, ine sindinapemphe. Anangondiuza kuti andipatsa mphatso yosaola."

"Yosaola," anatero Telala, akugwedeza mutu. "Nanenso anandiuza choncho. Mawu ake omwewo. Bambo, simunathe ngakhale kugula ena atsopano?"

"Ndi dzina chabe!" Adokotala anamenya tebulo. "Mukufuna kupasula banja chifukwa cha kachilombo kosaoneka ndi maso?"

"Kosaoneka kwa inu. Ine ndinakaona." Anawayang'ana kumapazi. "Ndinaonanso zina. Lachinayi lililonse mumati mwapita kuminda kukatola mbozi. Mumabwera botolo lili mbee, nsapato zili phuliphuli. Ndinkati kaya minda ya masiku ano anaikamo simenti. Ndinakhala chete chifukwa ndinalibe chowerenga. Munandiphunzitsa nokha kuti usatchule kanthu dzina usanawerenge mfundo zake. Lero zakwana."

M'botolo lina lapashelefu mbozi yonenepa inali kudya tsamba mwakhama.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero Telala. Sanaumalize mwambiwo.

Adokotala anasintha mawu, nayamba kunyengerera. "Mayi, tamverani. Timavu tilipo tambiri tosadziwika. Kotsatira kadzakhala kanu, ndikulumbira."

"Kotsatira adzakaone ndani? Dontho, kodi umatha kusiyanitsa chikwa choyera ndi chachikasu?"

Dontho anangobisa nkhope.

"Amaopa mbozi ameneyu. Akaiona amakwera pampando."

Telala anadzuka, nalowa kuchipinda. Anatsitsa sutukesi pamwamba pa kabati. Malaya onse a Adokotala anali atawasoka yekha, ndipo anawapinda bwinobwino, makolala m'mwamba, monga ankachitira ndi za makasitomala. Anaikamo mathalauza, lezala, ndi nsapato zonyezimira za Lachinayi zija. Pamwamba anaikapo mapepala a kamavu. Anakoka sutukesiyo mpaka pakhomo.

Adokotala anaimirira. "Nyumba ino ndi yathu tonse."

"Tikakambirana pamaso pa akuluakulu. Lero mukagone kumene kuli dzina."

"Nanga mabotolo anga?"

"Anu ndi ati? Tchulani limodzi limene munatsukapo." Anadikira. "Timavu titsala. Ito timagwira ntchito, kabichi wanga kuseriku alibe bowo ndi limodzi."

Kenako anabwerera patebulo lodulirapo nsalu. Anadula kapepala koyera, kokulirapo pang'ono kuposa tija ta masiku onse, natenga cholembera chake chosongoka. Analemba mosathamanga, ndi zilembo zake zazing'ono zoongoka zimene Adokotala ankanyadira kwa anzawo. Anatenga phini pa epuloni, nabaya kapepalako pa chogwirira cha sutukesi.

"Munati kanthu kopanda chikwangwani n'chinyalala. Sindingakutulutseni choncho."

Adokotala anavalanso magalasi, nawerama. Pamwamba panali tsiku la Loweruka limenelo. Pansi pake panali mizere itatu.

*Malo: m'nyumba mwanga.*
*Katuluka mwa: ine.*
*Wotola: Dontho.*

"Nyamula, mng'ono wanga," anatero Telala. "Wotola ndiye amanyamula."

Anatseka chitseko, nachotsa mbale ziwiri patebulo. Asanakhale pansi kuti adye, anapita kuseri kukathyola masamba, chifukwa nthawi yodyetsa mbozi inali itapitirira kale.