Mwala wa Basiboyi Kaitano

A Kaitano atagona ndi chifuwa cha fumbi la mu mgodi, anangopempha chinthu chimodzi. Anagwira dzanja la mkazi wawo Alinesi, nati, "Pamwala wa pamanda anga mudzalembe kuti Basiboyi. Musadzaiwale." Alinesi analonjeza. Udindo umenewo, woyang'anira gulu la amuna pansi pa mgodi ku Bindura, kudziko la eni, bambowo anaugula ndi mapapo awo. Kamkuwa kamene ankamanga pamkono, kozokotedwa mawuwo m'Chingerezi kuti Boss Boy, Alinesi ankakatsuka ndi phulusa Loweruka lililonse kuyambira ali mtsikana.

Vuto linali mwana wawo Jasper. Ameneyu anafika Fomu Folo, napeza ukalaliki m'tauni, nachita lendi kachipinda ku Chipadze, basi mapewa anakwera mpaka m'makutu. Chichewa anachivula ngati malaya othina, ndipo pofika pa komboni ankayenda modumphadumpha kuopa fumbi lomwe linamulera.

Chaka chitatha chimwalirire a Kaitano, nkhani ya mwala itayamba, Jasper anabwera ndi dikishonale kukhwapa.

"Amayi, mawu akuti boyi mukuwadziwa inu?"

"Ndinawamva iwe usanabadwe."

"Kumva si kudziwa." Ananyambita chala, natsegula bukulo. "Boyi ndi kamwana kakamuna. Boyi ndi wantchito wongotumidwa. Kale ankatchula boyi munthu wachabechabe. Kumene mawuwa anachokera, azungu eni ake amakanganapo. Ena amati kwa Afalansa, kutanthauza munthu womangidwa unyolo kumiyendo. Ena amati kwa Adatchi. Ena amati n'kalankhulidwe ka khanda poitana mchimwene wake. Ndiye taonani kuno: gadeniboyi, kukuboyi, basiboyi, madoda a imvi okhaokha! Dziko lino lili pa ufulu, amayi. Ine sindingalembe zimenezo pamanda a bambo anga."

Alinesi anamuyang'ana mwanayo, mtima ukuwira. Jasper ankaganiza kuti akumuuza zachilendo? Mayiyu anamva ndi makutu ake kamzungu kopanda ndevu kakuitana mwamuna wake motero pamaso pa ana. Koma anaonanso mwamuna yemweyo akutuluka m'chikepe cha mu mgodi atabereka mnzake amene thanthwe linamugwera, anthu akukuwa kuti basiboyi wamupulumutsa.

"Iwe mawuwo wawapeza m'buku," anatero Alinesi. "Bambo ako anawanyamula pamkono mpaka anasanduka awo. Ananena okha, ine ndinalonjeza. Ukalembe zimenezo."

"Chabwino, amayi, ndamva."

Ufulu wake uti! Nkhani inali ya Tambudzai, mwana wa mwini golosale wa ku Shamva, amene Jasper ankafuna kukwatira. Kuchipongozi kumeneko mnyamatayo anali atauza kale anthu kuti malemu bambo ake anali manijala. Ndipo popeza wodziwa Chingerezi pabanjapo anali iye, kwa wosema miyala anapita yekha.

Tsiku lovundukula mwala anthu anadzaza manda a komboni. Kunabwera amayi a mvano, kunabwera a Pensulo ndi a Bauleni, nkhalamba zimene zinkakumba m'gulu la a Kaitano, zikutsokomola mosinthana. Zinali zitakonzeka kuimba nyimbo yawo ya pansi, ija ankaimba pokankha ngolo za miyala. Makolo a Tambudzai anafika pa galimoto, ndipo Jasper, atavala suti pa dzuwa loswa mtengo, anawapukutira mipando ndi mpango wake.

Mbusa anakoka nsalu. Mwala unali wokongola, wakuda, wonyezimira. Alinesi sankadziwa kuwerenga, koma zilembo ziwiri za mimba, B ndi B, zoyambira mawu a pa kamkuwa kaja zala zake zinkazidziwa bwino. Anasendera pafupi, nayendetsa chala mzere ndi mzere. Sizinalipo.

"Abusa, tiwerengereni," anatero.

Mbusayo anakonza kukhosi. "Kaitano Chikaipa. Manijala wa mgodi."

A Pensulo anaika dzanja kukhutu.

"Ati ndani? Manijala? Nanga ife chaka chatha tinakwirira ndani muno?"

"Manijala amatsokomola?" anafunsa a Bauleni, natsokomoladi. "Chiyambire ine sindinaone manijala atagona m'manda a komboni. Ife tabwerera mnzathu. Manijala sitinamuimbirepo nyimbo, ndipo lero sitiyamba."

Bambo a Tambudzai anayang'ana mitanda ya zitsulo zadzimbiri yozungulira mwalawo, kenako anayang'ana Jasper. Jasper anayamba kufotokoza m'Chishona chosakaniza ndi Chingerezi za Afalansa ndi unyolo, thukuta likutsika m'kolala. Panalibe womumvera.

Alinesi sanalire, mkwiyo unali utaumitsa misozi. Anamasula mfundo ya pachitenje natulutsa kamkuwa kaja, kamene anabwera nako kuti akasiye pamanda. A Bauleni anapisa m'thumba natulutsa waya wophulitsira miyala, uja anthu a mu mgodi sasiyana naye. Iwo ndi Alinesi anazunguliza wayayo pamwala wonyezimirawo, namanga kamkuwako pamwamba pa bodza la Jasper. Kanali kakang'ono, sikanaphimbe zonse, koma a Pensulo atakaona anavula chipewa, nayambitsa nyimbo ndi mawu osasa. Anzawo anavomera.

Jasper anasendera kwa mayi ake, nanong'ona, "Amayi, mwandichititsa manyazi pamaso pa alendo."

"Manyazi unabwera nawo wekha pa galimoto," anatero Alinesi mokweza, kuti alendowo amve. "Bambo ako unawachita manyazi ali moyo, lero wawafufuta ali m'manda. Ine ndikadzafa usadzalembe kanthu, wamva? Ungadzandiike pambali pa mwamuna wanga ndili mkazi wa manijala."