Khadi Lochokera Kunyanja

Mapemphero atangotha, anthu akukankhana pakhomo la tchalitchi ku Area 25, a Nedson anamukodola Keziah ndi chala. Iwo anali mlembi wa mpingo, ndipo kiyi wa bokosi la mpingo ku positi ankakhala m'thumba mwawo. Theka la akhristu linkalandirira makalata m'bokosi limenelo, choncho a Nedson ankadziwa nkhani za anthu eni ake asanazimve, makamaka zolembedwa pa khadi lopanda envulopu.

Masiku onse ankakuwa anthu onse akumva kuti, "Woyendayenda wanu uja walembanso!" Koma tsiku limeneli anamutengera Keziah kuseri kwa thanki ya madzi.

"Mwana wanga, sindinafune kuwerenga, maso anangogwerapo," anatero a Nedson akumupatsa khadi.

Pakhadipo panali chithunzi cha mchenga woyera, mabwato ataliatali ndi madzi osaoneka malire. Pamwamba panalembedwa kuti Thailand. Keziah analitembenuza n'kuona dzanja la Lumbani, mlongo wake, zilembo zopendekera ngati chimanga chowombedwa ndi mphepo. Pakona panali deti: 23 Disembala 2004. Tsikulo linali Lamulungu lachiwiri la Febuluwale.

"Amayi ako akudziwa chiyani?" anafunsa a Nedson.

"Akudziwa kuti ali kumapiri."

"Anawauza ndani zimenezo?"

Keziah anangoyang'ana pansi. A Nedson anapukusa mutu, koma sanamukalipire.

"Ukafuna tibwere ndi akuluampingo, undiuze. Koma usachedwenso."

Lumbani ankagwira ntchito m'tauni, pamalo ogona alendo aja oyenda ndi zikwama za kumsana. Zaka zisanu ankawasonyeza kokwerera basi ya ku Chipata ndi ya ku Mzuzu, mpaka naye mapazi anayamba kumuyabwa. Mu Juni ananyamuka ndi mnzake wa ku Holland, dzina lake Pieter, atabereka chikwama chachitali kuposa mutu wake. Anthu a mu laini yawo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anzake amapita ku Joni kukasaka ntchito, uyu akupita kukangoona mayiko? Lumbani anawayankha kuti watopa kutsanzikana ndi anthu pageti, akufuna akaone kumene amathera.

Makhadi anayamba kubwera. La ku Zanzibar, la ku Kenya, la ku Ethiopia, awiri a ku India. Ankayenda ulendo wawo wosafulumira, ena milungu itatu, ena miyezi iwiri, ndipo nthawi zina lolembedwa pambuyo linkafika patsogolo. Mayi awo, a NyaGondwe, anali ndi ng'ala m'maso onse awiri, choncho wowerenga anali Keziah. Akatha kuwerenga, mayiwo ankalisisita khadilo n'kulikhoma pakhoma la pabalaza, motsatana ndi momwe lafikira. Kwa iwo khadi lomaliza kufika ndilo linkanena kumene mwana wawo wagona. Za maimelo amene Keziah ankakawerenga ku kafe ya intaneti analibe nazo ntchito. Ankati kalata yosagwirika ndi manja ndi mphekesera chabe.

Tsiku lotsatana ndi Khirisimasi wailesi inalengeza kuti kutsidya kwa nyanja, kumayiko a ku Asia, madzi atuluka n'kukokolola midzi ndi mahotela. Chiwerengero cha akufa chinkakwera nkhani iliyonse. A NyaGondwe anasiya kudya. Keziah naye mtima unali m'mwamba, chifukwa imelo yomaliza ya Lumbani inali ya pa 24, yongoti afika bwino ku Thailand ndipo kukutentha.

Ndiye sabata yoyamba ya Januwale kunabwera khadi la ku Nepal, la mapiri oyera pamwamba. Lumbani analemba kuti kukuzizira moti akugona atavala nsapato, ndipo nyanja ili kutali masiku ambiri. Keziah anawerenga mawu onse, koma deti la 12 Novembala analidumpha. Sananame, ankadziuza choncho. Anangodumpha kamzere kamodzi. Amayi ake anagwada pasimenti n'kuimba nyimbo ya Chitumbuka, ndipo madzulo omwewo anadya. Lachinayi lotsatira anakaimirira pamsonkhano wa amayi a mpingo n'kuchitira umboni kuti Mulungu anabisa mwana wawo kumapiri.

Chiyambire tsiku limenelo Keziah sanagonenso tulo tabwino. Kawiri pasabata ankakwera minibasi kupita ku kafe, koma kwa Lumbani kunali zii. M'malo mwake kunabwera imelo ya Anneke, mlongo wake wa Pieter. Pieter naye sankamveka. Anneke analemba kuti akupita yekha ku Thailand kukayenda m'zipatala ndi m'malo osungira mitembo yosadziwika, ndipo akupempha chithunzi cha Lumbani ndi zizindikiro zonse za pathupi pake: zipsera, mano, fupa lililonse limene linathyokapo. Keziah anasindikiza imeloyo n'kuipinda m'buku lake la nyimbo. Inakhala mmenemo milungu itatu. Tsopano Anneke ankanyamuka Lachitatu, ndipo Keziah ankangodziwa chipsera chimodzi cha pachipumi. Zina zonse ankazidziwa ndi munthu amene ankamusambitsa Lumbani ali mwana.

Pobwerera kunyumba kumwamba kunali kutada cha ku Kanengo, mphepo ikuulutsa majumbo mumsewu. Anawapeza amayi ake pakhonde akusadzula nkhwani. Sanapite kutchalitchi poopa matope.

"Wachedwa," anatero a NyaGondwe asanamuone n'komwe. "A Nedson akupatsa kanthu?"

"Mwadziwa bwanji, amama?"

"Ukakhala ndi khadi umayenda ngati wanyamula mazira. Bweretsa kuno. Kamnyamata kameneka kakadali kumapiri? Kadzabwera katauma ngati usipa."

Anapukuta manja pachitenje n'kutambasula dzanja. Keziah anawapatsa, chifukwa panalibenso pobisa. Mayiwo analisisita khadilo, analinunkhiza, kenako analibweretsa pafupi ndi diso lakumanja, limene linkaonako mitundu pang'ono. Analiyang'ana nthawi yaitali. Malata anayamba kulira ndi madontho oyamba a mvula.

"Lija la kumapiri linali loyera," anatero pang'onopang'ono. "Ili ndi labuluu lonse. Keziah, buluu ameneyu ndi thambo kapena madzi?"

Keziah analiyang'ana khadilo. Likanakhala bodza losavuta. Thambo la kumapiri nalo ndi labuluu, ndipo amayi ake akanakhoma khadilo pakhoma n'kudya bwino sabata ina. Koma Lachitatu linali pafupi, ndipo anaganiza za Lumbani atagona penapake ndi nambala m'malo mwa dzina.

"Ndi madzi, amama."

"Werenga."

Keziah anawerenga. Lumbani analemba kuti atsika kumapiri, tsopano afika kunyanja. Apeza kanyumba ka nsungwi pamchenga penipeni, koti ukadzuka m'mawa madzi amakhala masitepe khumi kuchokera pakhomo. Akhala pamenepo mpaka chaka chatsopano. Chikwama chang'ambika lamba, wachisoka ndi ulusi wa asodzi. Amama asadandaule, wanenepa.

"Watha?"

"Ndatha."

"Sunathe. Ukamawerenga kalata za mpingo umayamba ndi deti. Pa makhadi a Lumbani unasiya liti?"

Keziah anakhala pansi, pafupi ndi lichero la nkhwani.

"Lalembedwa pa 23 Disembala."

"Nanga la kumapiri?"

"Pa 12 Novembala."

A NyaGondwe anawerenga ndi zala, milomo ikugwedezeka popanda mawu. Atafika pomwe ankafuna, anasiya. Sanakuwe. Keziah akanakonda akanakuwa, kapena kumumenya ndi lichero, koma mayiwo anangogwira khadi pamiyendo, mvula ikuwalasa kumapazi.

"Ndinaimirira pamaso pa amayi anzanga," anatero kenako. "Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha mapiri. Iwe unali pomwepo, unkaomba nawo m'manja."

"Munali mutasiya kudya, amama. Ndinkaopa kuti nditaya anthu awiri."

"Ndiye milungu yonseyi mwana wanga akufunidwa ndi ndani?"

Funso limeneli linamupweteka Keziah kuposa mbama. Anatsegula buku la nyimbo, anatulutsa pepala lija, n'kuwafotokozera za Anneke, za ulendo wa Lachitatu ndi zimene ankapempha. Anawonjezera kuti sizikutanthauza kuti Lumbani wamwalira, ena akupezeka m'zipatala ali moyo, osatha kulankhula. Mawuwo ngakhale kwa iye mwini anamveka opepuka.

A NyaGondwe anadzuka, anagwira khoma, n'kulowa m'nyumba. Keziah anawatsatira. Anaganiza kuti akupita kuchipinda kukalira, koma anaima pabalaza n'kuyamba kupapasa makhadi aja, limodzi limodzi, kuyambira la ku Zanzibar mpaka la mapiri. Pafupi ndi la mapirilo panali msomali wopanda kanthu umene anakhomeratu kudikira khadi lotsatira. Sanapachikepo la kunyanja. Analilowetsa mu bulauzi, pachifuwa.

Kenako anapapasa pamwamba pa kabati n'kutsitsa chithunzi cha Lumbani cha tsiku lonyamuka, ataima pageti ndi chikwama chake, akuseka mano onse pamtunda. Anachitulutsa mu felemu n'kumupatsa Keziah.

"Minibasi yoyamba mawa ikupeze uli pa siteji, ukachitumize ku kafe. Tenga cholembera."

Keziah anatenga cholembera n'kutembenuza pepala la imelo lija. Amayi ake anakhala pampando, anatseka maso, n'kuika dzanja pamutu pawo ngati akusambitsa mwana.

"Tiyambe kumutu," anatero. "Kuseri kwa khutu lamanzere ali ndi kadontho kakuda ngati nyemba. Anabadwa nako. Lemba bwino, mzunguyo asakavutike kuwerenga."