Chingwe cha Khola la Pearl

Mchimwene wanga Gavin ndi munthu woti akalakwa amalimbikira ntchito. Ndiye m'mawa uja, nditatuluka m'tenti n'kumupeza wakoleza kale moto, watunga madzi kumtsinje, akukazinga mazira ndi masoseji, ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino.

Nkhani inali kukhola la Pearl, hatchi yaikazi ya mkazi wake Noelene. Mlamu wangayo anamulera yekha Pearl, kumuyamwitsa ndi botolo mayi wake atafa pobereka. Pamsasa wathu wa okwera mahatchi uja, kumapiri a Snowy, aliyense amazika zikhomo zake, n'kuzunguliza chingwe choyera chamagetsi, n'kuchilumikiza ku batire. Chingwecho n'chopyapyala, koma hatchi imachiopa chifukwa chimaluma. Amachiopanso mahatchi amphongo akutchire, omwe amabwera kudzaba aakazi. M'mawa umenewo chingwe chinali pansi chopondedwapondedwa, ndipo Pearl kunalibe.

Noelene anali chiimire pakati pa kholalo, chingwe chokokera hatchi chili m'manja.

"Ndine ndemwe, alamu," anatero atandiona. "Dzulo nditamupatsa udzu ndiyenera kuti ndinaiwala kuyatsa magetsi. Mutu wangawu ngwachabechabe."

Gavin anangotembenuza soseji yomwe inali itapsa kale.

Ndinapita kuseri kwa galimoto kukatenga mkaka wa tiyi. Nditatsegula kafiliji, mkaka uli zii kuzizira. Apa ndinadabwa, chifukwa batire ya filijiyo inali itafa dzulo lake masana, ndipo Gavin anadandaula mpaka tonse kutopa naye. Ndinakumbukiranso kuti madzulo anandipatsa chitini cha mowa chozizira bwino, ine n'kumwa osafunsa kanthu.

Ndinamukodola.

"Achimwene, filiji yakufa ija yadzuka bwanji?"

"Tsitsa mawu, Bev."

"Munachotsa batire kukhola?"

"Ndimati ndingoziziritsa pang'ono, ndibwezere. Basi tulo n'kundiba. Ndabwezera m'mamawa, koma..." Anapukuta manja pa buluku. "Ndimuuza, usandiyang'ane choncho."

"Liti? Mukumumva mmene akudzitukwanira?"

"Tikamupeza Pearl ndimuuza. Panopa angandidye wamoyo."

Ndikanatha kukanena ndekha. Koma mowa uja nanenso unali m'mimba mwanga, ndipo manyazi anandimanga pakamwa.

Tinanyamuka wapansi atatu, kutsatira mapazi. Mapazi a Pearl sanali ovuta kuzindikira, chifukwa ndi yekhayo anali ndi zitsulo kuziboda. Noelene anali patsogolo ndi chidebe cha chakudya cha hatchi, Gavin pambuyo atasenza madzi, zikwama ndi majekete a tonse, ngati bulu wa pangolo. Njira yonse mlamu wanga sanasiye kudziimba mlandu. Ankati hatchi yozolowera kufunda bulangete siingapirire chipale chofewa chikayamba kugwa. Ankatinso munthu woiwala ngati iye sayenera kusunga ngakhale nkhuku. Akalankhula choncho ankatembenuka n'kuyang'ana mwamuna wake, ndipo mwamunayo ankapeza chochita ndi zingwe za nsapato.

Tinawapeza mahatchi akutchire aja dzuwa litapendeka, tsidya lina la dambo lalikulu. Pearl, ndi ubweya wake wotuwa wopesedwa bwino, ankaonekera patali pakati pa mahatchi anyankhalala aja. Noelene anagwedeza chidebe.

"Pearl! Bwera, mwana wanga! Bwera kuno, mama!"

Pearl anadzutsa mutu, makutu ali njo. Anayamba kubwera, ndithu anayamba kubwera. Koma yamphongo yakuda inamudulira kutsogolo, khosi lili pansi, n'kumuluma pantchafu. Gulu lonse linatembenuka n'kulowa m'mitengo ya bulugama, kumene munthu wapansi sangalondole. Noelene anaitanabe mpaka mawu anasasa.

Gavin anamuyandikira. Ndinaona kukamwa kwake kukutseguka, ndipo mumtima ndinati nenani, achimwene, nenani tsopano.

"Noelene," anatero. "Imwako madzi."

Titabwerera pamsasa, anzathu a m'matenti ena anabwera kudzapepesa, n'kulonjeza kuti mawa akwera mahatchi awo tikasake limodzi. Bambo wina wachikulire anauza Noelene kuti asadzizunze, kuiwala n'kwa aliyense. Gavin anagwedeza mutu kuvomereza. Sindinayambe ndamuonapo mchimwene wanga atachepa chotero.

Anthu atabalalika, Noelene anapita kuseri kwa galimoto. Anabwerako ndi chitini chimodzi cha mowa, n'kuchiika m'dzanja la mwamuna wake, n'kumupinda zala kuti achigwire.

"Imwani, a Gavin. Ngozizira bwino," anatero mofatsa. "Ndinauona m'mawa pomwe, ndikufuna karoti wa Pearl mufilijimo. Magetsi akukhola ndinayatsa dzulo, mpaka chingwe chinandiluma chala ichi."

Gavin anayesa kulankhula, koma mkazi wake anapukusa mutu.

"Tsiku lonse ndakhala ndikunena kuti ndine, kudikira kuti munene kuti ayi. Hatchi yanga mwina mawa tiipeza."

Anandiyang'ana nanenso, osati mokwiya, kenako anatola chingwe chokokera hatchi n'kukakhala yekha m'khola lopanda kanthu lija. Gavin anatsala chiimire pamoto, chitini chikudontha madzi m'dzanja lake, osachitsegula, osachiika pansi.